Kodi mumadziwa? Kuchokera pa Wenela kufika pa SADC: mapangano a mayiko ndi moyo wa wantchito

Kodi mumadziwa kuti mapangano oyambirira okhudza antchito omwe mayiko a kuno kummwera kwa Africa anasainirana anali ogawana anthu? M'chaka cha 1936, maboma a Nyasaland, Northern Rhodesia ndi Southern Rhodesia anakumana ku Salisbury, komwe lero timati Harare, n'kugwirizana za momwe amuna aziyendera popita kukagwira ntchito m'mafamu a fodya ndi m'migodi. Chaka cha m'mbuyo mwake, komiti yomwe boma la Nyasaland linakhazikitsa inali itapeza kuti midzi yambiri, makamaka ya kumpoto, yatsala ndi amayi, ana ndi nkhalamba. Amuna anali atapita, ndipo ambiri anasanduka matchona. Akuluakulu omwe amakumbukira za Mthandizi ndi malole a Ulere amanena za nyengo imeneyi.

Kodi mumadziwa kuti mu 1913 boma la South Africa linaletsa migodi kulemba anthu ochokera kumpoto kwa mzere wa madigiri 22, womwe umadutsa pafupi ndi Beitbridge? Amuna ochokera kumadera otentha monga Nyasaland ankafa kwambiri ndi chibayo akangofika ku Joni, moti nkhaniyo inafika pochititsa manyazi ngakhale boma lomwe silinkasamala za munthu wakuda. Chiletsocho chinayamba kufewetsedwa mu 1933 ndipo chinachotsedwa mu 1937, migodi ya golide itasowa manja.

Kodi mumadziwa kuti dzina la depoti ya Wenela mumzinda wa Blantyre ndi la bungwe lomwe linkalemba anthu opita ku migodi, la Witwatersrand Native Labour Association? Bungweli linali ndi ndege zakezake zomwe zinkanyamula anthu kuchoka ku Malawi kukatsika ku Francistown m'dziko la Botswana, komwe ankakwera sitima ya pamtunda kupita ku Johannesburg. Mu 1977 linaphatikizidwa ndi linzake n'kukhala TEBA, yomwe makolo athu amati Theba.

Nanga mumadziwa kuti maboma nawo ankadya nawo thukuta la anthu a kumigodi? Pangano la 1964 la pakati pa Portugal ndi South Africa linkati gawo lalikulu la malipiro a munthu wa ku Mozambique lisamaperekedwe m'manja mwake ali ku Joni, koma azikalandira akabwerera kwawo. Pakatipa panali phindu lalikulu. South Africa inkapereka ndalamazo ku boma la Apwitikizi ngati golide, pamtengo wakale wokhazikika, ndipo boma linkatha kugulitsa golideyo pamtengo wokwera wa pamsika, wantchito n'kungolandira ndalama zake za pepala zomwe zija. Dongosolo la golideli linatha mu 1978. Malawi nayo inasainirana pangano la antchito ndi South Africa mu 1967, nthawi yomwe Tanzania ndi Zambia zinali zitaletsa kale anthu awo kupita ku Wenela. Ndalama zosungidwa za anthu a ku Theba zinkabweretsa ndalama zakunja m'dziko, ndipo zinamanga nyumba zamalata ndi magolosale ambiri m'midzi. Zimenezi n'zoona ndipo siziyenera kubisidwa. Koma mapanganowo ankalongosola bwinobwino za kayendedwe ka ndalama, pomwe za munthu wodwala atabwerera kumudzi ankazisiya m'malere.

Kodi mumadziwa kuti ngozi ya ndege imodzi inasintha kalembedwe ka antchito m'chigawo chonse chino? Pa 4 April 1974 ndege ya Wenela inagwa itangonyamuka ku Francistown, ndipo Amalawi 74 omwe ankabwerera kwawo anafa. Dr Hastings Kamuzu Banda analetsa pompo kulemba anthu ku Malawi. Panthawiyo Amalawi a m'migodi ya South Africa anali oposa 100,000, ndipo m'zaka ziwiri zokha pafupifupi onse anali atabwerera. Eni migodi anadzidzimuka. Chaka chotsatira ngoziyo Mozambique inalandira ufulu, golide anali atakwera mtengo, ndipo migodi inakakamizika kukweza malipiro kuti ikope nzika za South Africa zomwe kale zinkaikana ntchitoyo. Malawi inalolanso Theba mu 1977, koma chiwerengero sichinabwererenso pomwe chinali.

Kodi mumadziwa kuti ulendo wa ku Theba unathera pa mkangano wa kuyeza magazi? Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, South Africa inafuna kuti Amalawi aziyezedwa kachilombo ka HIV asanalembedwe ntchito. Boma la Malawi linakana. Pakati pa 1988 ndi 1992, Amalawi pafupifupi 13,000 anabwezedwa kwawo. Katswiri wa mbiri yakale Wiseman Chijere Chirwa, yemwe anafufuza nkhaniyi mozama, anaonetsa kuti HIV inali chophimbira chabe, migodi inali itayamba kale kuchepetsa antchito ochokera kutali. Mu 1997 mayiko a SADC anavomereza ndondomeko ya HIV ndi Edzi pantchito, yomwe imaletsa kuyeza munthu kachilomboka ngati njira yosankhira woti alembedwe ntchito. Inabwera mochedwa kwa anthu 13,000 aja, koma lero ikuteteza ambiri.

Kodi mumadziwa kuti tsiku la 6 June ndi lokumbukira ngozi ya ku Hwange m'dziko la Zimbabwe? Pa tsikuli mu 1972 mgodi wa malasha wa Wankie unaphulika pa Kamandama, n'kupha anthu 427. Mwa iwo munali a ku Zambia, a ku Mozambique, a ku Malawi ndi a ku Tanzania. Mitembo yambiri idakali pansi pomwepo, chifukwa mgodiwo unatsekedwa ataona kuti n'zosatheka kuitulutsa.

Kodi mumadziwa kuti komiti ya woweruza Ramon Leon, yomwe inafufuza za chitetezo m'migodi ya South Africa mu 1994, inapeza kuti anthu oposa 69,000 anafa pangozi za m'migodi kuyambira 1900 mpaka 1993, ndipo oposa miliyoni imodzi anavulala kwambiri? Chiwerengerochi ndi cha ngozi zokha. Omwe anakafera kumudzi ndi chifuwa sali m'gululi. Lipotilo linabala lamulo la 1996 la umoyo ndi chitetezo m'migodi, lomwe gawo 23 lake limapatsa wantchito ufulu wochoka pamalo omwe akuona kuti ndi oopsa. Lamulolo silifunsa kuti munthuyo ndi wa dziko liti.

Kodi mumadziwa kuti fumbi la mumgodi wa golide limatha kudwalitsa munthu patapita zaka 10 kapena 20 atasiya ntchito? Mwala womwe mumakhala golide uli ndi mchenga wolimba kwambiri. Akaubowola kapena kuuphulitsa, umatulutsa fumbi losaoneka ndi maso lomwe limakakhazikika m'mapapo n'kumapanga zipsera. Amenewa ndi matenda a silikosisi. Alibe mankhwala ochiza, amapitirira kukula ngakhale munthu atachoka pafumbipo, ndipo amachititsa kuti munthu adwale chifuwa chachikulu mosavuta. Apa ndi pomwe pagona vuto lonse la ntchito yodutsa malire. Munthu ankamaliza kontalakiti akuoneka wathanzi, n'kukwera ndege. Matenda ankadzatulukira ali ku Mzimba, ku Dedza kapena ku Tete, komwe kunalibe dokotala wodziwa kuwerenga chithunzi cha mapapo a munthu wa mumgodi. Kuchipatala ankamupatsa mankhwala a TB, akachira pang'ono n'kudwalanso, abale n'kuyamba kuganizirana zaufiti. Mgodi unatenga mphamvu zake, ndipo wosamalira wodwalayo anali mkazi wake ndi chipatala cha boma la kwawo.

Kodi mumadziwa kuti lamulo la South Africa la 1973 la matenda a m'migodi limakhudzanso omwe anabwerera kwawo kunja kwa dzikolo? Limati yemwe anagwirapo ntchito mumgodi ali ndi ufulu woyezedwa mapapo kwaulere pakapita zaka ziwiri zilizonse moyo wake wonse, ndipo zotsatira zimatumizidwa ku Medical Bureau for Occupational Diseases ku Johannesburg kuti akaone ngati akuyenera chipukuta misozi. Akamwalira, mtima ndi mapapo ake zikhoza kuyezedwa ngati banja lavomera, ndipo akapezeka ndi matendawo mkazi wamasiye ndi ana amalandira. Ufulu umenewu wakhalapo zaka zonsezi. Chomwe chinasowa ndi njira yoti munthu wa kumudzi aufikire.

Kodi mumadziwa kuti munthu yemwe anatsegula njira yosumira eni migodi anamwalira kutatsala masiku ochepa kuti amve chigamulo? Thembekile Mankayi anasumira kampani ya AngloGold Ashanti, ndipo mu March 2011 khoti lalikulu loona za malamulo oyendetsera dziko la South Africa linagamula kuti wodwala matenda a mumgodi akhoza kusumira kampani ngakhale atalandira kale kangachepe ka lamulo la 1973. Kuchokera apo kunabwera mlandu wa gulu. Mu 2018 makampani 6, omwe ndi African Rainbow Minerals, Anglo American South Africa, AngloGold Ashanti, Gold Fields, Harmony ndi Sibanye-Stillwater, anavomera kulipira ndalama zosachepera R5 biliyoni. Khoti linavomereza mu July 2019, ndipo bungwe la Tshiamiso Trust linakhazikitsidwa kuti lizilipira. Oyenera kulandira ndi omwe anagwira ntchito ya pafumbi m'migodi ya golide ya makampaniwa pakati pa 12 March 1965 ndi 10 December 2019, n'kudwala silikosisi kapena TB yochokera kuntchito, kaya ndi a dziko liti. Mgwirizanowo unati wodwala silikosisi azilandira kuyambira R70,000 kufika R500,000 malinga ndi kukula kwa matenda. Bungweli linapatsidwa zaka 12 zokha zogwira ntchito, ndipo kulembetsa n'kwaulere. Taonani zaka zimenezo bwino: Amalawi ambiri a nthawi ya Wenela ndi Theba anagwira ntchito mkati mwa nyengo yomweyi.

Kodi mumadziwa kuti atsogoleri a SADC anachita kusainirana chikalata chapadera cha TB ya m'migodi? Zinachitikira ku Maputo mu August 2012. Panthawiyo, mwa anthu 100,000 aliwonse a m'migodi ya golide ya South Africa, pakati pa 2,500 ndi 3,000 ankapezeka ndi TB chaka chilichonse, kuwirikiza kakhumi mlingo womwe bungwe la WHO limati ndi wa ngozi yadzidzidzi. Chimodzi mwa zomwe ankafuna kukonza ndi choti wodwala akayamba mankhwala ku Welkom n'kubwerera ku Maseru kapena ku Xai-Xai asadukize, popeza kudukiza ndiko kumabala TB yosamva mankhwala. Mu 2016 World Bank inapereka ndalama ku ntchito yolimbana ndi TB yophatikiza Lesotho, Malawi, Mozambique ndi Zambia. Pachikalata ichi mpomwe ndimaona kuti SADC inachitapo chogwirika, chifukwa panatsatira ndalama, zipatala zoyezera anthu a kumigodi ndi maphunziro a madokotala.

Kodi mumadziwa kuti ku South Africa kuli ndalama zoposa R40 biliyoni za penshoni zomwe eni ake sanatenge? Gawo lalikulu ndi la anthu a m'migodi ndi ena ochokera kunja. Zifukwa zake n'zomvetsa chisoni: kalaliki analemba dzina molakwika, munthu analembetsa ndi dzina la mchimwene wake, tsiku lobadwa linali longopeka, keyala inali dzina la mfumu ndi boma basi.

Kodi mumadziwa kuti mu 2020 nduna za zantchito za SADC zinavomereza ndondomeko yoti penshoni ndi chipukuta misozi zizitsatira wantchito akabwerera kwawo? Mayiko asanu anadzipereka kuyamba kuyesa: Eswatini, Lesotho, Malawi, South Africa ndi Zimbabwe. Ndi ndondomeko yolangiza chabe. Kuti igwire ntchito pamafunika kuti mabungwe a penshoni a mayiko awiri agwirizane za kalembera, za umboni woti munthu adakali moyo ndi za njira yotumizira ndalama yosadya theka la ndalamazo.

Kodi mumadziwa kuti kusaina pangano la SADC sikutanthauza kuti layamba kugwira ntchito? Pamafunika kuti magawo awiri mwa atatu a mayiko alivomereze motsatira malamulo a kwawo. Chikalata cha ufulu wa antchito chomwe chinasainidwa ku Dar es Salaam mu 2003 chimanena zabwino zambiri: ufulu wolowa m'bungwe la antchito, kusasalidwa, malo otetezeka ogwirira ntchito. Pangano loti zimenezi zikhale zomanga mayiko linasainidwa ku Victoria Falls mu 2014, koma silinapeze mayiko okwanira olivomereza, mpaka linachita kulembedwanso mwatsopano. Pangano la kayendedwe ka anthu la 2005 nalo linatha zaka zoposa 15 lili m'kabati. Yerekezani ndi pangano la zamalonda, lomwe linasainidwa mu 1996 n'kuyamba kugwira ntchito mu 2000. Maboma athu amafulumira pa katundu, pa munthu amazengereza.

Kodi mumadziwa kuti wantchito alibe khoti la m'chigawo lomwe angakadandauleko? SADC inali ndi khoti lake ku Windhoek lomwe linkamva milandu ya anthu wamba osumira maboma. Litagamula mokomera alimi omwe analandidwa minda ku Zimbabwe, atsogoleri analiimitsa mu 2010, ndipo mu 2014 anakonza zoti lizimva milandu ya pakati pa mayiko okhaokha. Nkhaniyi ambiri anaiona ngati ya azungu a mafamu. Koma chitseko chomwe chinatsekedwa ndi chomwenso mkazi wamasiye wa munthu wa ku Theba akanalowera.

Kodi mumadziwa kuti pangano la SADC la maphunziro linasainidwa ku Blantyre? Unali mwezi wa September 1997, pamsonkhano womwenso unasaina pangano la zamigodi. Limapempha mayunivesite kusungira ophunzira ochokera m'mayiko ena a SADC malo osachepera 5 pa 100 alionse, ndi kuwalipiritsa fizi ngati ya ana a m'dzikomo. N'chifukwa chake m'mayunivesite ambiri a ku South Africa wophunzira wa ku Malawi kapena ku Zambia amalipira zochepa kuposa wa ku Nigeria kapena ku Ulaya.

Nanga mumadziwa kuti SADC ili ndi muyeso umodzi wa masatifiketi wa magawo 10? Unavomerezedwa mu 2011 n'kukhazikitsidwa mu 2017, kuti satifiketi ya TEVETA ya ku Malawi, yomwe inayamba ndi lamulo la 1999, kapena ya TEVETA ya ku Zambia, izidziwika kuti ikufanana ndi iti kwina. Pakadali pano wopita ku South Africa amayenerabe kutumiza mapepala ake ku bungwe loona za masatifiketi la SAQA ndi kulipira kuti aunikidwe, ndipo namwino, mphunzitsi kapena injiniya amafunikanso kulembetsa ku bungwe la ntchito yakeyo. Wovutika kwambiri ndi mmisiri yemwe anaphunzira ntchito pamanja. Wowotcherera zitsulo wa ku Ndirande kapena womanga nyumba wa ku Mchesi akhoza kukhala katswiri, koma wopanda pepala amalembedwa ngati wothandizira, malipiro akenso a wothandizira. Mayeso oyesa luso lomwe munthu ali nalo kale alipo, ndipo ndi bwino kuwalemba musananyamuke.

Kodi mumadziwa kuti ku South Africa munthu wopanda chilolezo chogwirira ntchito amatetezedwabe ndi malamulo a zantchito? Gawo 23 la malamulo oyendetsera dzikolo limapereka ufulu wochitiridwa chilungamo pantchito kwa aliyense, osati nzika zokha. Mu 2008 khoti la zantchito linatsimikiza zimenezi pa mlandu wa kampani ya Discovery Health, yomwe inachotsa nzika ya ku Argentina chilolezo chake chitatha. Wochotsedwa ntchito mopanda chilungamo ali ndi masiku 30 okadandaula ku bungwe lomva mikangano ya pantchito la CCMA, ndipo salipira kanthu. Musandimve molakwa: chigamulochi sichipatsa munthu mapepala, ndipo a zolowa ndi kutuluka akhoza kumubwezabe. Masiku 30 omwe Mmalawi amadindiridwa pa Beitbridge ndi a mlendo wodzacheza, si ogwirira ntchito. Chomwe chigamulochi chimaletsa ndi bwana kugwiritsa munthu ntchito mwezi wathunthu n'kumuopseza ndi apolisi tsiku la malipiro.

Kodi mumadziwa kuti antchito a m'nyumba ku South Africa anapatsidwa ufulu wolandira chipukuta misozi akavulala pantchito mu November 2020? Zinatheka chifukwa cha mlandu womwe anasuma mwana wa Maria Mahlangu, mayi yemwe anamira mu dziwe losambira la kunyumba ya abwana ake. Kuyambira March 2022, malipiro otsikitsitsa a wantchito wa m'nyumba ndi ofanana ndi a wina aliyense. Amalawi ambiri ku Johannesburg, Durban ndi Cape Town ali pa ntchito zomwezi, zophika, zolera ana ndi zosamalira maluwa.

Kodi mumadziwa kuti chipata choyamba mu Africa chomwe maofesi a mayiko awiri amagwirira ntchito pamodzi ndi cha Chirundu, pakati pa Zambia ndi Zimbabwe, chomwe chinatsegulidwa mu December 2009? Cha Mchinji ndi Mwami chinatsegulidwa mu 2022. Anthu amaziona ngati nkhani ya malonda, koma kwa dalaivala wa thiraki ndi nkhani ya moyo. Masiku ogona pamzere ndi omwe amabweretsa kutopa, kuberedwa, matenda ndi kuthamanga usiku pofuna kubweza nthawi.

Kodi mumadziwa kuti mu 2019 Malawi inavomereza mapangano atatu a bungwe la ILO a chitetezo pantchito, a nambala 155, 184 ndi 187? La 184 ndi la zaulimi, lokhudza wopopera mankhwala m'munda wa tiyi, wa mzimbe ndi wa fodya. Mu June 2022 ILO inaika malo otetezeka ogwirira ntchito pa mndandanda wa maufulu ofunikira kwambiri, omwe dziko lililonse la m'bungweli liyenera kulemekeza. Pangano la nambala 176 la chitetezo m'migodi, la 1995, Botswana, Zambia, South Africa ndi Zimbabwe analivomereza kalekale. Popeza migodi ikutsegulidwa kwathu kuno, ya malasha, ya miyala yamtengo wapatali, ya golide wokumba pamanja ndi makwale ophwanya miyala, fumbi lomwe linapha agogo athu ku Joni lafika pakhomo. Lamulo la Malawi la 1997 la chitetezo ndi umoyo pantchito ndi la 2000 la chipukuta misozi sangateteze aliyense ngati oyendera malo a ntchito alibe galimoto ndi zida zoyezera fumbi.

Ngati kwanu kuli bambo, malume kapena agogo omwe anapita ku Wenela kapena ku Theba, afunseni lero dzina la mgodi, zaka zomwe anagwira ndi nambala yawo ya kuntchito, ndipo muzilembe. Fufuzani m'sutikesi chiphaso chilichonse, pasipoti yakale kapena kapepala ka malipiro, ngakhale kong'ambika. Ngati akutsokomola kapena kubanika, apiteni nawo kuchipatala ndipo muwauze adokotala kuti anagwirapo ntchito mumgodi. Kenako kafunseni ku ofesi ya zantchito ya m'boma lanu. Wina akabwera pamudzi kudzatolera ndalama ponena kuti akulembetsa mayina a chipukuta misozi, musamupatse ngakhale tambala.